Injini ya Mngelezi M'thupi la ku Kongo

Lolemba

Lero ndasiya kumata machubu. Njinga zitatu zili pakhondepo, zidikire. Che Saidi, eni sitolo pano pa boma la Fort Manning, andipatsa ntchito yeniyeni: magalimoto awiri akufa kuseri kwa sitolo yawo, ndipangepo imodzi yamoyo.

Yoyamba ndi ya ku Mangalande, inabwera kudzera ku Fort Jameson. Inagunda mtengo, thupi lonse linapindika, koma injini ikulira bwino. Yachiwiri anaisiya Mgiriki wina wochokera ku Kongo. Thupi losalala, mipando yachikopa, injini inafa kalekale. Chizindikiro chapamphuno n'chimodzimodzi, ndiye kuti ndi apachibale. Kuchotsa injini uku, kuika uku, basi!

Ikayenda, dalaivala wake ndine. Che Saidi avomeranso kuti Loweruka inyamule mwana wanga Rozina kupita ku ukwati wake ku Guilleme. Rozina ndamuuza kale. Uthenga ndatumizanso kwa Mavwere, kwawo kwa mkamwini.

Mayi a Rozina akuti: "Kunkhondo kuja munkatsuka malole, simunkawakonza." Ndawayankha kuti wotsuka ndiye amaona zonse.

Lachiwiri

Ndalowa mu ya ku Kongo kudzanja lamanja, ndatambasula manja kuti ndigwire chiwongolero, ndagwira mphepo. Chili kumanzere! Dzulo maso anali pa mipando. Akuti ku Kongo amayenda mbali inayo ya msewu.

Kenako masipanala. Pa ya Mngelezi akugwira bwinobwino. Pa ya ku Kongo, iyi ikukula pang'ono, yotsatira ikuchepa pang'ono, yapakati palibe.

Za lero:
mabawuti omasuka, anayi
mabawuti amene mitu yake ndaifafaniza, asanu ndi awiri
chala chachikulu, chatupa

Lachitatu

M'mawa injini ya Mngelezi ikulendewera pa tcheni mumtengo wa mango. Taitsitsira mu ya ku Kongo. Yalowa, koma yakhala chopendekeka, chifukwa ndodo ya chiwongolero ikudutsa pomwe payenera kudutsa paipi ya utsi. Mabowo omangira: uku atatu, uku anayi, oyang'anizana palibe. Bawuti ya Mngelezi ikuzungulira kawiri mu nati ya ku Kongo, kenako ikukana.

Masana ndapalasa njinga ya eniake kupita ku Guilleme, kwa a Bulazala oyang'anira chigayo cha mishoni. Aseka mpaka kuvula mandala. Akuti kampani ndi imodzi koma mafakitale ndi awiri, m'mayiko awiri: ena amayeza m'mainchesi, ena m'mamilimita. Akutinso injini ya Mngelezi anaichepetsa dala, poti kwawoko msonkho umatsata kukula kwa injini. "Dzina n'limodzi, koma magalimoto awiriwa sanaonanepo."

Andibwereka masipanala atatu. Anayamba kunena za batire, ine n'kuwadula kuti za batire ndikuzidziwa. Sindikudziwa chimene chinandiyankhulitsa.

Lachinayi

Ndaboola mabowo atsopano. Paipi ndaipinda pamoto. Pomwe bawuti yakana ndamanga ndi waya. Injini yakhala.

Ndalumikiza batire la Mngelezi. Nyali zawala kamodzi ngati mphezi, phu! Hutala yalira ngati mbuzi yakodwa m'chingwe, kenako zii. Utsi pansi pa chiwongolero. Ndiye ndikuwerenga tsopano kachitsulo kolembedwa pambali: ya ku Kongo imadya magetsi a mavoti asanu ndi limodzi, ine ndaipatsa khumi ndi awiri. Mwina ndi zimenezi a Bulazala amafuna kunena.

Zakufa lero:
mababu anayi
hutala
kawotchi kosonyeza petulo
nsidze yanga yakumanzere

Rozina wabwera ndi chinangwa chophika. Wakhala pampando wakumbuyo, akuyeserera kubayibitsa anthu pawindo. Akuti: "Bambo, anzanga akuti ndikunama." Ndamuuza kuti Loweruka adzaona okha.

Lachisanu

Che Saidi afika atatuluka mumzikiti, pamodzi ndi anzawo asanu. Ndapukusa chitsulo chakutsogolo. Injini yalira! Anthu aombera m'manja, ine ndavula chipewa.

Ndakhala kumanzere kuja, ndaponda kalachi, ndaika giya yoyamba. Galimoto yapita chambuyo. Giyabokosi ndi ya Mngelezi, ndodo yake ndi ya ku Kongo, ndipo poziphatikiza ndi waya zonse zatembenuka. Nkhokwe ya mtedza ya Che Saidi yagwa.

Ndaika giya yobwerera m'mbuyo kuti tipite kutsogolo. Tayenda mapazi makumi awiri. Kenako phokoso ngati wina akupala poto. Thanki yoziziritsa injini ya ku Kongo ndi yonenepa, anaipangira dziko lotentha, ndipo chopemerera mphepo cha Mngelezi chaidya. Madzi onse pansi. Ine poopa manyazi sindinazimitse msanga. Injini yazima yokha. Tsopano chopukusira chija sichikuzungulira ngakhale titagwira awiri.

Che Saidi sanakalipe. Angoti: "Lolemba ndinali ndi injini imodzi yolira." Atatero apita kukatola mtedza. Ndawathandiza mpaka dzuwa kupendeka.

Loweruka

M'mamawa pakhomo pali ng'ombe ziwiri zapagoli ndi a Zuze, malume ake a mkamwini. Mayi a Rozina anapangana nawo Lachitatu, ine ndili ku Guilleme. Lachitatu! Batire ndisanaligwire n'komwe.

Injini taitulutsanso n'kuisiya pansi pa mtengo kuti katundu achepe. Tcheni chomwecho tamanga kumphuno kwa galimoto. A Zuze kutsogolo ndi chikwapu, ine pa chiwongolero, Rozina ndi mayi ake kumbuyo. Fumbi lochepa kwambiri, wanjinga wonyamula nkhuni watipitirira.

Potsetsereka mabuleki agwira bwino. Ndi chinthu chokhacho chomwe sindinakonze.

Tafika Ansembe atadikira kale. Ndimayembekezera kusekedwa, ndipo ndasekedwadi, koma nthungululu zaposa. Rozina wabayibitsa njira yonse. Potsika wayang'ana anzake mmodzimmodzi, kenako wandinong'oneza: "Aona." Ndayerekeza kupukuta fumbi m'maso.

Lamulungu

Masipanala ndabweza titatuluka m'tchalitchi. A Bulazala awawerenga, ayang'ana nsidze yanga, kenako awabwezera pamalo pake.

Za udalaivala Che Saidi sakuzitchulanso, inenso sindikufunsa. Ya Mngelezi akuti aziumitsiramo mtedza mpaka nditamanga nkhokwe ina.

Madzulo abwera bambo wina wa ku Mkanda. Mwana wawo akukwatiwa mwezi wamawa, akufuna galimoto yomweyo. Ndinakhala bwino pampando n'kuyamba kufotokoza za mainchesi ndi mamilimita. Amvetsera mwaulemu, kenako afunsa njira ya kwa a Zuze, chifukwa akuti wofunika kupangana naye ndi woyendetsa.

Ine akuti ndikhoza kubwera nawo kudzagwira chiwongolero, ngati ndilibe chochita tsikulo. Ndavomera.