Tsiku Limene Ndinaimitsa Galimoto Yoima Kale

Akazi anga anandiletsa kuinena nkhaniyi pagulu, koma ku Gezina konse, kumene timakhala, anaimva kale, ndiye bola muimve kwa mwini manyaziwo.

Alamu anga a Yona, achimwene a akazi anga, ankafuna galimoto yonyamulira ana a sukulu ku Nellmapius. Petulo anali atawatopetsa. Anapeza ziwiri pa garaji ina ku Centurion: ina yamagetsi okhaokha, ina ya hybrid, yosakaniza magetsi ndi petulo.

"Alamu, inu mwayendetsa mathiraki zaka zambiri kuno ku Joni," anatero. "Tiyeni mukandisankhire yotetezeka. Ndi ana a eni ake awa."

Ndinavala jekete ya kutchalitchi.

Mayi wogulitsa anatilandira bwino. "Zonse zili ndi ma airbag. Koma yamagetsiyi ikaona munthu kutsogolo, imadzimangira yokha mabuleki. Inayi imangochenjeza driver."

Foni yake inalira, iye n'kulowa mu ofesi.

"Alamu, za pakamwa ine sindikhulupirira," ndinatero. "Lowani. Tiiyese."

Ndinaima kutsogolo kwa yamagetsi ija, manja tambasu.

"Pondani moto!"

"Ndaponda!"

Zii. Galimoto osasuntha.

"Pondaninso!"

"Phazi lafika pansi, alamu!"

Eish, ndinanyadira! "Mwaona? Yandiona! Ili ndi ulemu galimoto iyi!" Ndinayesa kunjuta, ndinayesa kuima ndi mwendo umodzi, mpaka kuitembenukira msana. Osagwedezeka. Anthu anayamba kusonkhana, ine n'kumawafotokozera za ma sensor ngati ndinawapanga ndine.

"Tsopano inayo!" ndinatero.

Nditangoima kutsogolo kwa hybrid, injini inabangula: vruuum!

Abale, sindikudziwa kuti mpanda wa maluwa a minga umene unali pambalipo ndinaudumpha bwanji. Ndinangozindikira ndili chagada m'minga, nsapato imodzi kulibe, ndikukuwa: "Mayo! Alamu mwandipha! Imeneyo ayi, ndi yakupha!"

"Ndakuphani bwanji? Ine ndili pano!"

Kucheuka, a Yona ali chiimire pambali panga. M'galimotomo munalibe munthu. Mutu unazungulira. Ndiye amafuna kundigunda ndani?

Mayi uja anatuluka akuthamanga. Atamva zonse, anagwira pakamwa.

"Ntate," anatero, ndiye kuti bambo m'chinenero chawo, "hybrid ndinaiyatsa ndine kuti aircon iziziritse m'kati. Injini imadzuka yokha batire ikatsika. Ili pa giya ya park, sikanasuntha."

"Nanga iyo inandiona ija?"

Analoza kumbuyo kwa yamagetsi ija. Chingwe chonenepa chinali chilumikizire kukhoma. "Ikutchajidwa. Ndipo kiyi ali m'thumba mwanga."

Anthu anaseka mpaka mlonda anakhala pansi.

A Yona anasankha yamagetsi, atawerenga okha mapepala. Posaina, mayi uja anafunsa: "Tikuikireni alarm?"

"Ayi, mayi," anatero a Yona akundithothola minga kumsana. "Alamu ndili nawo kale, ndipo amalira bwino kwambiri."

Musanatame galimoto kuti yakuimirani, yambani mwafunsa ngati inalizidwa n'komwe.