Ndinapita kukazimitsa Supuni

Inu amene mwaona kavidiyo kaja pa foni, sekani mumalize, kenako mundimvere. Wa chipewa uja ndine. Sindikupepesa kwa munthu aliyense, ndikungofuna mudziwe mmene zinayambira, chifukwa amene anajambula uja anayambira pakati.

Tili ana kuno ku Glen Norah mu Harare muno kunali sewero lina la pa TV limene anthu ankalikonda kuposa mpira. Munali munthu wina dzina lake Supuni, khukhi wa azungu wochokera ku Malawi, wolankhula Chishona chokhotakhota. Ndiye kuti ankanyoza ife. Bambo anga anabwera wapansi kuchokera ku Dedza, nagwira ntchito ya ukhukhi mpaka msana unapindika. TV yathu inali ija ya m'kabati yokhala ndi zitseko, ndipo nyimbo ya sewerolo ikangoyamba mdala ankadzuka, kutseka zitseko zija, n'kunena kuti, "M'nyumba muno sitiseka munthu wogwira ntchito." Basi, nkhani yatha.

Kukacha kusukulu anyamata ankayamba: "Supuni! Supuni!" Ankafuna kutsanzira mawu ake koma ine sindinkadikira kuti amalize, chibakera chinkafika msanga. Ndewu zimenezo n'zimene zinandichotsa sukulu ndisanamalize pulayimale. Koma dzinalo linandisiya. Lero ndimakonza njinga pa mashopu a Machipisa ndipo wamng'ono ndi wamkulu yemwe amanditchula kuti Bambo Mbewe. Dzina limenelo sindinatole, ndinaligula ndi mano.

Ndiye chaka chino ndikumva kuti ana ena ophunzira afukula sewero lija, apanga filimu, ndipo aionetsa Loweruka masana mu holo ya tchalitchi. Tchalitchi chathu chomwe, chimene njerwa zake ananyamula pamutu ndi amayi athu! Ndinati ayi, izi ndikukaziletsa ndekha. Pulani inali yophweka: ndikhala kutsogolo, Supuni akangotulukira ndizula waya, ndiwauza anthu mawu ochepa, ndibwerera kunyumba. Pali chovuta pamenepo?

Neba wanga Bambo Zuze, kalipentala wa ku Tete, anandifunsa tili pa mpanda, "Achimwene, koma Supuniyo munamuonapo?"

"Ndimuonerenji? Chimbudzi timachita kulowamo kuti tidziwe kuti chikununkha?"

Anangoti chabwino.

Loweruka ndinavala za ulemu, zimene ndimavala ku maliro ndi ku misonkhano: jekete ya malemu bambo yamizeremizere, chipewa chawo cha nthenga, nsapato zopolisha, buluku n'kuipana ndi mapegi kuti tcheni isaidye, n'kutulutsa njinga yanga yakuda. Mkazi wanga Mai Rudo, amene anakulira m'nyumba yoti TV inalibe zitseko, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mukupita choncho?"

"Pali cholakwika?"

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. "Ayi. Tsogolani, ndikupezani."

Mkazi ameneyu ndidzakambirana naye kumwamba.

Nditangokhota pa geti ya tchalitchi, anthu amene anali pa mzere anayamba kuomba m'manja. Amayi ena nthungululu! Ine mumtima ndinati eya, ndiye kuti mbiri yamveka kuti lero kukubwera munthu wokonza zinthu. Ndinakweza chipewa kuwapatsa moni, phokoso n'kuwonjezeka. Bambo wa pakhomo anakana kuti ndigule tikiti, akuti, "Pindai, mudhara, pindai nebhasikoro racho," kuti ndilowe ndi njinga yomwe. Anandiperekeza mpaka mpando wa kutsogolo penipeni, njinga n'kuiyedzamitsa pambali panga. Mukanakhala inu mukanakayika? Ulemu ukabwera mochedwa umaulandira basi.

Magetsi anali atapita monga mwa masiku onse, jenereta ikulira panja, mawindo atatchinga ndi mabulangete, holo yonse fungo la maputi, chimanga chokazinga chija, ndi thukuta. Mawaya anadutsa pafupi ndi mapazi anga. Ndinati Mulungu wakonza yekha.

Filimu inayamba. Nyimbo ija itangolira, holo yonse inaimba nawo, ndipo ndikutembenuka ndikuona akuimba kwambiri ndi anthu athu omwe, amayi a mvano, madala a bungwe lathu la maliro, Bambo Zuze ali pakati mano onse pamtunda. Ndinalavula pansi. Mtundu wopanda manyazi!

Kenako pa khoma panatulukira munthu ali pa njinga yakuda. Jekete yamizeremizere. Chipewa cha nthenga. Kamera inatsika mpaka kumiyendo, ndipo abale anga, mapegi!

Ndinayang'ana pa khoma, ndinadziyang'ana ndekha, ndinayang'ananso pa khoma. Kumbuyo kwanga anthu akundisisita pa phewa, wina akuti, "Mwatikonzera bwino, sekuru, ngakhale nthenga yomwe!" Ndinawerama pang'onopang'ono kuti ndichotse mapegi mobisa, chigongono n'kugunda belu la njinga. Ngrii! Holo yonse pansi.

Munthu wanzeru akanatuluka pomwepo. Koma ine ndinali nditabwerera ntchito, ndipo mwana wa Mbewe sabwerera panjira. Ndinadikira pang'ono mpaka pamene mzungu wa m'filimumo anayamba kukalipira Supuni chifukwa cha supu, anthu akuseka mpaka kutsokomola. Magazi anawira. Ndinagwira waya wonenepa, ndinati uyu ndiye mwini wake, n'kukoka ndi mphamvu zonse.

Chithunzi sichinazime. Anazima ndi mawu okha.

Ine sindinadziwe, chifukwa ndinali nditaimirira kale, nkhope kwa anthu, khoma lili kumbuyo. Ndinamva kuti zii, ndinati zatheka. Ndinakweza chala n'kuyamba m'Chishona kuti aliyense amve. Tsono Chishona changa pa masiku wamba ndi chowongoka, ndinabadwira konkuno, koma ndikapsa mtima lilime limathawira ku Dedza. Ndinawauza kuti makolo athu ndi amene anaphikira tauni ino, anasesa misewu, anakumba migodi, ndipo lero mukuwasandutsa choseketsa. Mawu abwino, mpaka pano ndikuti anali mawu abwino. Koma kumbuyo kwanga pa khoma Supuni naye anali ataimirira, chala m'mwamba, pakamwa pakuyenda popanda mawu, ndipo mawu ake ndinali ine.

Anthu anafa. Mayi wina anagwa pa benchi ndi mwana kumsana. M'busa, m'busa weniweni, anavula magalasi akupukuta misozi. Mafoni onse m'mwamba. Ndikakweza mawu iwo akukweza kuseka, ndikaponda pansi ndi ukali, akuti nayenso wa pa khoma anaponda.

"Ndikunena zoona ine! Sindikusewera!"

"Hiyaaa! Supuni!"

Pamenepo ndinataya Chishona, ndinatulutsa mawu amene bambo anga ankanena munthu akawafika pakhosi, mawu amene sindinkadziwa kuti wina aliyense kunja kwa nyumba yathu amawadziwa. Ndinadzimenya pachifuwa n'kukuwa, "Ine si mnyamata..."

Holo yonse, Ashona, a ku Tete, ana oti Chichewa sachidziwa n'komwe, onse pamodzi ngati kwaya: "WANUUU!"

Kani ndiwo mawu amene Supuni ankamalizira sewero lililonse. Kani ndiwo aja anyamata a kusukulu ankafuna kunena ndisanawatseke pakamwa. Anthu a TV aja sanapeke kanthu, anangoyenda m'malokeshoni n'kuba madala athu amoyo, jekete, chipewa, ukali ndi mawu omwe.

Ndinagwira njinga kuti ndizipita, koma waya uja anali atakola pedulo, ndiye ndinakoka sipika yonse kuchoka pa tebulo. Mtsikana wina wa gulu la filimu anathamanga, osati kudzandikalipira ayi, koma kudzandigwira dzanja. Akuti sanadziwe kuti a tchalitchi akonza zoterezi, akuti ndingabwerenso akamakaonetsa ku Caledonia? Ndinamuuza mawu amene sindingalembe pano. Iyenso anaseka.

Panja ndinapeza Bambo Zuze atagwira mtengo, mpweya ukuwathera. "Achimwene," akutero, "wa m'filimu uja ndi feki. Weniweni tili naye pa mpanda."

Madzulo ake mwana wanga wa ku Joni ananditumizira kavidiyoko, akuti, "Dhedhi, onani mdala uyu akufanana nanu." Lolemba pa Machipisa mahwindi, anyamata oitanira maminibasi aja, akuliza mabelu a njinga za makasitomala anga. Zimenezo ndikanapirira, dzanja ndikadali nalo, ngakhale sindingamenye Harare yense. Chimene chandipweteka ndi china.

Sabata yatha ku msonkhano wa bungwe la maliro wapampando ananena zopusa zokhudza tenti. Ndinaimirira kuti ndimutsutse monga ndimachitira nthawi zonse, anthu amandiopa pamenepo. Nditangokweza chala ndinaona madala onse akoka mpweya, milomo yakonzeka, akudikira kuti ayankhire. Ndinatsitsa chala n'kukhala pansi. Kunyumba ndiye usanene. Ndikangoti "Mai Rudo, ndiwo izi mchere...", iye ali kukhitchini, "Wanuuu!" Munthu ngati ine, woti ukali ndiye chuma chokha chimene bambo anandisiyira, lero sindingakalipe ngakhale galu.

Koma mumve bwino. Zimene ndinanena mu holo muja sindibweza ngakhale liwu limodzi. Filimuyo ndi yachabechabe, ngakhale sindinaimalize. Chipewa sindivula, mapegi sindichotsa, anayamba kuvala ndi bambo anga, Supuniyo ndi amene akatibwezere zathu. Chokhacho ndalumbira: waya wa anthu sindidzakokanso. Akadzapanga filimu ina yonyoza mtundu wathu, ndidzatuma Bambo Zuze, ine ndili kunyumba, ndatseka zitseko, ndikukwiya chamumtima.