Matcheni, sinoo ndi apongozi anga

Pali manyazi ena omwe munthu umapempha kuti akugwere uli wekha, popanda mboni. Anga anandigwera pamsewu wa ku Walsall masanasana, ndipo mboni yake inali apongozi anga enieni.

Ndiyambe ndi matama anga. Bambo anga anali dalaivala wa lole yonyamula fodya ku Ntchisi, ndipo ndinakula ndikuwaona akumanga matcheni kumatayala lole ikatitimira m'matope. Choncho nditatsatira mkazi wanga Tadala ku England, komwe ankagwira ntchito ya unamwino, ndinkadziyesa katswiri wa galimoto (chonsecho ntchito yanga inali yolongedza makatoni). Kagalimoto kathu kofiira ndinakagulira matayala a kaunjika ku Lozells. Ndinawasankha ndekha, nditanyonyomala, ndikuwerenga zolembedwa m'mbali mwake. Apa panali A, apo panalinso A. Ine kusukulu A ndinkangomumvera kwa anzanga, ndiye nditamuona kawiri pa tayala limodzi ndinati basi, ndapata. Matcheni ndinawatola pamsika wa zinthu zakale Loweruka lina. Za saizi sindinafunse. Tcheni ndi tcheni, ndinatero mumtima.

Tsopano za apongozi. Iwo ndi a ku Ntcheu, ndipo mwambo amaugwira ndi manja awiri. Pa zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati wathu sanandiyankhulepo maso ndi maso. Tikakhala pabalaza ankauza Tadala kuti, "Uwafunse ngati adya," ine ndili pomwepo. Nane ndinkayankha kudzera mwa Tadala yemweyo. Sikunali kudana, unali ulemu, koma pansi pamtima ndinkafunitsitsa kuti tsiku lina aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mwamuna wodalirika.

Anabwera kudzadikirira mdzukulu, mwana wathu woyamba, yemwe tinamupempherera zaka zonsezo. Mwanayo anabadwa m'mawa wina wa February, mtsikana. Nditamuona ndinathamangira kunyumba kukatenga agogo ake, koma pofika masana sinoo, chipale chofewa chija, inali itakuta tauni yonse. Tadala anaimba foni ali pabedi kuchipatala.

"Ma visiting hours akutha four koloko, please musachedwe. Amayi akhala akulira kuti amuone lero. Bwanji mungokwera basi?"

"Basi ya chiyani, dear?" ndinayankha. "Matayala anga ndi a grade A. Usadandaule."

Apongozi anakhala kumpando wakumbuyo, atavala jekete ya Tadala pamwamba pa chitenje, atafukata fulasiki ya phala ndi kansalu katsopano kofunditsa mwana. Inali itangokwana thu koloko.

Msewu wathu ndi wokwera kachitunda usanakumane ndi msewu waukulu. Ndinaliza injini, ndinaponya giya, galimoto inayenda mapazi asanu n'kuyamba kuvina pamalo amodzi. Ndinaponda mafuta kwambiri. Inabwerera chammbuyo, mwaulemu, mpaka pomwe tinayambira. Ma A anga awiri aja anali chete.

Sindinatekeseke. Kunena zoona ndinasangalala, chifukwa nthawi yoonetsa luso inali itakwana. Ndinatulutsa matcheni, ndinagwada mu sinoo ndi thalauza langa la kutchalitchi, n'kuwamanga kumatayala akumbuyo monga ankachitira bambo anga. Zinanditengera theka la ola, zala zitachita dzanzi ngati si zanga. Ndinalowa, ndinaponda mafuta. Galimoto inavinanso gule yemwe uja.

Apongozi anatuluka mwakachetechete (ndikuganiza kuti ankati kulemera kwawo ndiye vuto) n'kukaima m'mbali mwa msewu. Ndinayesanso katatu, windo lili lotsekula. Kenako ndinawamva akuyankhula. Sankayankhula ndi ine, poti Tadala panalibe. Anali atayang'ana mtengo wa magetsi.

"Koma galimoto za kuno n'zachilendo," anauza mtengowo. "Miyendo yakutsogolo ndiyo ikupalasa. Yakumbuyo yangokhala, itavala mikanda."

Abale, ndinamva kutentha kunkhope pakati pa chisanu chonsecho. Lole ya bambo inkakankha ndi matayala akumbuyo. Kagalimoto kanga kankakoka ndi akutsogolo, ndipo zaka zitatu ndikukayendetsa sindinkadziwa. Ndinatsokomola, nane n'kuuza mtengo womwewo kuti, "Eya, ndimangoyeserera kaye." Ndinagwadanso, kumasula, kukwawira kutsogolo, kumanganso. Matcheni anali otayirira, akulendewera ngati malaya obwereka, koma ndinati ndi momwe amakhalira. Apongozi analowanso m'galimoto.

Ndipo galimoto inakwera chitunda! Ndinasuzumira pagalasi kuti ndione ngati apongozi aona. Anali atatsinzina, milomo ikuyenda.

Apa ndi pomwe munthu wanzeru akanaima n'kumasula matcheni, chifukwa msewu waukulu anali atauthira mchere ndipo phula linali poyera. Koma wotchi inkati fili koloko yadutsa, ndipo ine ndinali nditagwada kale kawiri. Ndinaponda mafuta. Galimoto inayamba kulira ngati chigayo. Anthu oyenda pansi ankatembenuka. Ndinawonjezera liwiro poganiza kuti phokoso lichepa (musandifunse nzeru imeneyi ndinaitenga kuti). Mwadzidzidzi kunamveka phwaa! Tcheni yakumanzere inaduka, inamenya chitsulo cha pamwamba pa tayala, n'kudzikulunga kuseri kwa gudumu. Chiwongolero chinalimba. Mwa chisomo chokha ndinakwanitsa kuimika pambali osagunda munthu.

Ndinagwada kachitatu. Ndinakoka tcheni ija mpaka chala chinatuluka magazi, koma sinasunthe. Ndinaganiza za Tadala akuyang'ana kukhomo la wodi, ndi za mayi amene anawoloka nyanja kuti aone mdzukulu, ine n'kuwatayira maola awiri chifukwa cha matama. Sindibisa, misozi inalengeza. Ndinangokhala pansi mu sinoo yosungunuka, mutu uli pa tayala.

Kenako ndinamva dzanja paphewa. Apongozi anang'amba kachidutswa kumapeto kwa chitenje chawo n'kundimanga chala. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatire mwana wawo.

"Mwananga, dzuka. Wayesetsa. Basi ndi iyo ikubwera."

Tinakwera basi yomwe Tadala ananena poyamba paja. Tinalowa mu wodi kutatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti nthawi yoona odwala ithe. Apongozi anafunditsa mwana kansalu kaja, n'kumuimbira chapansipansi, misozi ikutsika. Tadala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumawondo onyowa.

"Grade A ili kuti?" anandinong'oneza.

Mawa lake makaniko wina wachikulire, yemwe anabwera kudzakoka galimoto, anandiphunzitsa mofatsa ngati mwana wa sitandade wani. A woyamba uja, anati, amanena za mmene tayala limagwirira buleki pamsewu wonyowa ndi mvula. A wachiwiri amanena za kupirira kutentha. Kutentha! Tayala la sinoo limakhala ndi kachizindikiro ka phiri ndi kanyenyezi ka sinoo mkati, ndipo langa linalibe. Manambala aakulu omwe ndinawalumpha aja ndiwo saizi, ndipo matcheni amagulidwa potsata manambala amenewo. Amamangidwa kumatayala okoka galimoto, umayenda nawo pang'onopang'ono, ndipo ukangoona phula umawachotsa. Anga anali a veni. Anandionetsanso pomwe tcheni inakhula paipi ya buleki. Pamenepo sindinaseke.

Kunyumba tinabwerera ku ulemu wathu wakale. "Uwafunse ngati chala chapola," apongozi ankauza Tadala, ine ndili pomwepo. Liwu lija loti "mwananga" sanalibwerezenso mpaka anakwera ndege.

Mungayembekeze kuti matcheniwo ndinawataya. Yoduka ija ili m'kabati mpaka lero, yokulungidwa pamodzi ndi kachidutswa ka chitenje. Tadala akati tiitaye, ndimakana. Ndinagwada katatu mu sinoo kuti ndioneke mwamuna wodalirika, ndipo katatu konse ndinalephera. Koma ndi tsiku lokhalo lomwe apongozi ananditcha mwana wawo.