Nsatsi za Galimoto Yofiira

Lolemba

Kapitawo wa esiteti, a Likoswe, aima pabwalo langa ndi buku lawo. Akuti aliyense wosathyola tiyi achoke mwezi ukatha. Ine zala zidapindika kale. Masiku otsala: khumi ndi asanu ndi anayi. Zaka zimene ndakhala m'nyumba ino: makumi awiri ndi zitatu, zisanu ndi imodzi ndili ndekha chimwalirireni aphunzitsi, amuna anga.

Masana a Nampinga, dalaivala wa kunyumba yaikulu, apempha madzi akumwa, nayamba kudandaula. Galimoto yofiira ya bwana wamng'ono ikapikisana Loweruka ndi ya mzungu wa ku Mulanje mpaka ku Luchenza, koma mafuta a mu injini atha, chitini china chikadali panyanja. "Imeneyi oyilo wa malole siimwa, mayi. Imamwa a nsatsi basi, a ku Mangalande."

Nsatsi! Kuseri kwangaku kuli mitengo makumi atatu ndi umodzi. Ndikayenga mafutawo ndine wantchito. Wantchito sachotsedwa.

Lachiwiri

Zofunika: mabotolo khumi ndi awiri.

Zimene ndili nazo:
nsatsi zouma, malichero anayi
mtondo umodzi, wong'aluka
mphika waukulu
mano asanu ndi awiri, alibe ntchito pano koma ndawerenga

Kukazinga, kusinja, kuwiritsa, kutapa oyandama pamwamba. Musi wagwa kokwana chikwi chimodzi ndi mazana anayi. Mabotolo awiri adzaza. Msana watha.

Lachitatu

A Nampinga adontheza pachala, atikita, anunkhiza. "Akuda awa, mayi. Akumveka utsi. Mwakazingiranji?"

Ndakazingiranji! Amayi anga ankakazinga, amayi awo ankakazinga kutsidya kwa malire, ana onse a mudzi uno adakula ndi omwewa popanda wothetheka khungu. Koma galimotoyo ndi dona, ikufuna oyera, osaona moto.

Ndayesa osakazinga. Lichero lathunthu, theka la botolo. Ndachita samuyi katatu monga tinkachitira ku mishoni, yankho silikusintha: malichero makumi awiri ndi anayi. Latsala limodzi.

Lachinayi

Khomo ndi khomo, kupempha amayi mafuta awo odzola. Ine, amene ndidaphunzitsa theka la iwo kulemba dzina!

Nyumba: khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Ondipatsa: asanu ndi anayi.
Ondiseka: asanu ndi mmodzi.
Agalu: awiri.

Amake Esitere, oyandikana nawo, akufuula pakati pa anthu: "Agogo ayamba kudzoza chitsulo! Kodi chatha msinkhu?" Apereka komabe, kansupa kamodzi.

Onse ndi akuda. Mwinamo muli zawozawo: tsitsi, nyerere, ufa wofiira uja amapaka anamwali. Ndasefa ndi duku langa loyera la kutchalitchi. Silidzayeranso.

Lachisanu

Mabotolo khumi ndi limodzi. Dzuwa lapendeka, Sabata lathu la Loweruka layandikira, musi uyenera kugona pansi. Lakhumi ndi chiwiri ndilitenga kuti?

A Nampinga afika okha, nkhope ili gwa. Ku Limbe azungulira masitolo onse, kulibe. Anyamula mabotolo onse, akudawo, osanunkhizanso. Dona yasiya kusankha.

Ndati dzina langa akalitchule kwa bwana, akaone kuti pali munthu akugwira ntchito kuno. "Eya, eya, mayi." Eya awiri otsatana ndimawadziwa ine.

Sabata

Belu lalira, ine ndaima pamsewu wopanda duku. Koyamba kujomba pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ambuye alemba, ndikudziwa, nawonso amasunga buku.

Yofiira ija yadutsa, fumbi kobo pa tiyi yense, m'mbuyo mwake fungo la namwali wotuluka m'tsimba. Amayi onse mphuno m'mwamba. Amake Esitere: "Angatu amenewo!"

Yapambana. Ya ku Mulanje yatsala ndi mtunda wathunthu.

Utsi wa nsatsi suona khungu, walowa m'mimba mwa bwana. Pobwerera waimika galimoto ndi kuthamangira m'tiyi kanayi. Kanayi! Sabata lino chondisangalatsa ndi chimenechi chokha, ndipo ndi tchimo.

Lamulungu

A Nampinga ndidawanamizira. Dzina langa adalitchula.

M'mawa a Likoswe afika ndi chingwe ndi zikhomo. Bwana wakondwa, akuti sadzaitanitsanso mafuta kunja. Wafunsa kuti nsatsi zimabereka bwino pati pa esiteti yonse, ndipo amuuza zoona. Munda wa nsatsi wa kampani uyambira pakhonde langa. Mwezi sadikiranso, ndichoke Lachitatu, akufuna kugalauza mvula isanagwe.

Ndafunsa za woyenga. "Makina akubwera, agogo, oyenga oyera."

Zikhomo: makumi anayi. Katundu wanga: mitolo itatu. Mdzukulu wa mchemwali wanga ku Bvumbwe ali ndi khitchini yosadontha kwambiri.

Potsanzikana a Likoswe akuti ndisadandaule, bwana wathokoza kwambiri. Ndafunsa kuti kangati.

Kamodzi.