Hadija wa ku Durban

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzalowa nayo m'manda. Koma poti mnzanga Felesiya wayamba kale kuifalitsa pa esiteti yonse, n'kumathiramo mchere wake, bola ndiinene ndekha mwini manyazi.

Amuna anga, bambo a Lonjezo, anachoka ku Thyolo kupita ku Durban kukagwira ntchito ya m'gadeni. Ine ndinatsala m'nyumba za pa laini, kuthyola tiyi, dengu kumsana kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya sikelo. Mwana wathu Lonjezo anali kusekondale yogonera konko, ndiye m'nyumba ndinali ndekhandekha.

Zaka zitatu, abale! Jekete lawo la ku fakitale ndinalisiya pamsomali osalichapa, kuopa kuti fungo lawo lingachoke. Lamlungu ndikaphika kalongonda ndinkangozindikira ndatulutsa mbale ziwiri. Inayo ndinkaibweza mwakachetechete ngati pali wina akundiona.

Netiweki kwathu imapezeka pachulu china, pamwamba pa munda wa namba seveni. Ndikaweruka ndinkakwera pamenepo, foni m'mwamba ngati ndikupereka nsembe, kuti ndimveko mawu awo.

Tsiku lina anati, "Mayi a Lonjezo, abwana avomera. Chipinda chilipo kuseri kwa nyumba yawo. Sizoni ikatha mubwere tizikhala limodzi."

Ndinavina pachulu pomwepo. Koma pofika kunyumba mantha anali atandipeza. Ine munthu woti ulendo wanga wautali unali wa ku Limbe, ndikakhale m'mphepete mwa nyanja yamchere?

Mawa lake ndinakwera chulu ndi mafunso.

"Kuli njoka?"

"Zilipo. Zina zakuda, zazitali ngati paipi."

"Mayo! Nanga anyani?"

"Apusi. Amalowa mpaka m'khitchini, buledi n'kunyamula."

"Nanga namondwe?"

Funso lenileni linali limenelo. Chichokereni namondwe wa chaka chija, amene anagwetsa khoma la khitchini yathu n'kukokolola anthu m'mapiri, mtambo ukangoda ine ndimasowa mtendere. Ndiye ndikakhale kumene namondweyo amachokera?

"Mvula imagwa, koma nyumba ndi ya simenti," anatero. "Musaope."

Ndinakonzekabe. Magambutsi anga a kumunda ndinawatsuka. Lenikoti ndinaisoka. Ndinagula ndi botolo la parafini lokathira pakhomo, poti amati njoka imadana ndi fungo lake. Chilombo chilichonse cha ku Durban ndinachikonzekera, kupatula chimodzi.

Madzulo ena mphepo ikuwomba, mawu akudukaduka, ndinamva akuti, "Lero ndadzuka mochedwa. Hadida sanabwere kudzandidzutsa."

"Ndani?"

"Hadida. Uja ndinakuuzani uja."

Sindinkakumbuka kuti anandiuzapo. Ndipo m'khutu mwanga simunalowe Hadida ayi. Munalowa Hadija.

Ndikanangofunsa mwachindunji, nkhani ikanathera pachulu pomwepo. Koma mkazi waulemu wake safunsa ngati wapolisi. Amazungulira.

"Ameneyo amabwera tsiku lililonse?"

"Faivi koloko sajomba. Lero lokha."

"Ndi wooneka bwanji?"

"Aaa, ukangomuona koyamba ungati ndi wosaoneka bwino. Koma dzuwa likamuwomba pamapewa amanyezimira girini. Miyendo yaitali. Kayendedwe kake kodzimva. Ndikamathirira maluwa amanditsatira pambuyo."

"Oho."

"Vuto lake ndi mlomo basi. Wautali!"

Mumtima ndinati, tidzaufupikitsa.

M'mawa kumunda ndinamunong'oneza Felesiya, amene timathyola mizere yoyandikana. Anatula dengu pansi.

"Hadija? Faivi koloko? Asisi, mwalandidwa!"

"Mwina ndi neba chabe."

"Neba wanji wodzutsa mwamuna wa mwini? Mwamuna akafika pokuuza mtundu wa diresi, ndiye kuti zafika patali. Mwina akukuitanani kuti mukakhale wantchito wawo!"

Tsiku limenelo ndinathyola tiyi ngati ndikuzula tsitsi la munthu. Akapitawo anabweza dengu langa kawiri, akuti mwadzaza mitengo.

Ndiye kunabwera chimvula ku Durban. Anthu anayamba kutumizirana mavidiyo: magalimoto akuyandama, nyumba zikutsetsereka paphiri, matope ofiira ngati akwathu omwe. Ndinaimba foni, yozima. Ndinaimbanso, yozima. Masiku atatu.

Apo nsanje yonse inathawa. Chakudya sichinkalowa. Ndinkakwera chulu m'mawa, masana ndi madzulo, mvula ikundinyowetsa, kumangoyang'ana kummwera ngati ndingaone Durban kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Jekete lija ndinalichotsa pamsomali n'kulivala. Ndinapemphera kuti, "Ambuye, ngakhale ndi Hadija wawoyo, angokhala moyo. Zinazo tidzakambirana."

Tsiku lachinayi foni inalira. Mawu awo! Ndinakhala pansi m'matope n'kulira ngati mwana.

"Ndili bwino, mayi a Lonjezo, magetsi ndi amene anazima. Musalire."

"Ndimayesa mwapita ndi madzi!"

"Ayi, ine ndinali bwinobwino. Amene ndimadera nkhawa ndi Hadida."

Misozi inauma yokha.

"Kwake kwaphwasuka konse. Mwana wake ndinamutola pansi akunjenjemera, moti ndikumusunga ine muno m'chipinda."

"Mwana?"

"Eya. Ndikumudyetsa ndekha. Amadya ameneyu!"

"Bambo ake ali kuti?"

Anaseka. Anaseka ndithu! "Aaa, bambo ake ndani angawadziwe? Koma wandizolowera ngati ndine."

Pemphero lija ndinalibweza pomwepo. Sizoni sindinadikire kuti ithe. Ndinapempha tchuthi, ndinadutsa kusukulu kukatsanzika Lonjezo, ndinamanga katundu: makaka, nandolo, masamba a tiyi, magambutsi, parafini. Felesiya anandiperekeza pa siteji akundipatsa malangizo.

"Osayamba ndi manja. Yambani ndi mawu. Koma chitenje mumange cholimba."

Masiku atatu m'basi. Mwanza, Tete, Zimbabwe, Joni. Anzanga ankagona, ine ndinkaloweza Chingerezi. Sukulu ndinalekera Sitandade Seveni, koma mawu okwana kuthamangitsa munthu ndinawasonkhanitsa.

Ku Durban tinafika m'mawa. Ndinawaona ali chiimire pa depoti, ataonda pang'ono, imvi ziwiri zitatu m'mbali, chipewa ali nacho m'manja. Mtima unandipereka. Ndinafuna kuwathamangira, anthu aone, ndilibe nazo ntchito. Koma ndinakumbuka chimene ndabwerera, ndiye ndinangowapatsa dzanja ngati tili pamaliro.

"Mwayenda bwanji?"

"Bwino."

"Onani nyanja iyo!" anatero tili m'minibasi.

"Ndaiona."

Nyanja yoyamba m'moyo wanga, ndinaiyang'ana ngati chithaphwi.

Titafika pageti ndinaona mitengo yowirira, kapinga, maluwa mbali zonse. Ndinakumbuka njoka zonga paipi zija. Ndinavula nsapato zanga za kutchalitchi n'kuvala magambutsi pomwepo. Bambo a Lonjezo anangoyang'ana magambutsiwo.

"Dikirani pano, ndikatsegule kuchipinda," anatero, n'kuzungulira kuseri ndi zikwama.

Ndili chiimire choncho, chitseko cha nyumba yaikulu chinatseguka. Panatuluka mzimayi. Wamtali. Miyendo yaitali. Atavala gauni yonyezimira, ndipo dzuwa litamuwomba pamapewa, girini!

Anatsika masitepe modzimva, kambale ka nyama yogaya m'manja, akukuwa ndi mawu omveka mpaka kumsewu.

"Wysooon! How is our baby today?"

Wyson ndi dzina la amuna anga. Ndipo Chingerezi changa n'chochepa, koma "our baby" ndimamudziwa.

Ndinamanga chitenje. Magambutsi anati phwa, phwa, phwa pakapinga. Ndinaima patsogolo pake, manja m'chiuno.

"You! Hadija!"

Anayang'ana kumbuyo, kuyesa ndikunena wina.

"Yes, you! My husband is my husband! Church wedding! You take your baby, you go!"

"Sorry?"

"Sorry yachiyani? Five o'clock, five o'clock, every day! No shame!"

Apo Chingerezi chinandithera. Ndinalowa Chichewa. Chichewa chitachepa, Chilomwe cha amayi anga chinatuluka chokha, mawu amene sindinkadziwa n'komwe kuti ndimawasunga. Ndinanena za zaka zitatu. Ndinanena za chulu. Ndinanena za mlomo wake wautaliwo, ngakhale poyang'anitsitsa unali mlomo wabwinobwino. Agalu a kwa neba anayamba kuuwa. Pampanda panatulukira mitu.

Bambo a Lonjezo anabwera akuthamanga, katoni ili m'manja, maso ali pamtunda.

"Mayi a Lonjezo! Mwatani? Awa ndi abwana!"

"Abwana ndi Hadija yemweyo? Ndiye zafika pamenepo?"

"Hadija wake uti?"

"Mayi wa mwana mukusungayo! Ali kuti mwanayo? Mutulutseni ndimuone ngati wafanana nanu!"

Anandiyang'ana. Anayang'ana katoni. Kenako anaitsitsa pang'onopang'ono n'kutsegula.

M'katimo, pa thaulo lakale, munali kanthu kotuwa, konyankhalala, maso ngati mikanda, mlomo wautali wopindikira pansi. Kanandiyang'ana, n'kuyasamula.

Mwana wa mbalame.

Nthawi yomweyo padenga panatera chimbalame chotuwa, miyendo yaitali. Dzuwa linachiwomba pamapiko, girini n'kunyezimira. Chinatukula khosi, n'kundiseka pamaso pa Durban yense.

"Haa! Haa! Ha-di-daa!"

"Hadida ndi ameneyo," anatero bambo a Lonjezo ndi mawu otsika. "Kuno amamutchula choncho. Ndinakuuzanitu mu voice note, kalekale."

Unali umodzi mwa mauthenga a mawu amene ankangozungulira pafoni yanga osatseguka chifukwa cha netiweki.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti mbalameyo ndimaidziwa. Ndi yomwe ija imadutsa pamwamba pa laini yathu m'mawa uliwonse, itatu itatu, ikupita ku damu la esiteti. Ndakhala ndikuimva chibadwire. Ndinawoloka malire atatu kudzamenyana ndi mbalame yakwathu!

Abwana aja anafunsa chimene chikuchitika. Amuna anga anafotokoza m'Chingerezi, thukuta lili kamukamu, poti apa ntchito ndi chipinda zinali pa ulusi. Ine ndinagwada pakapinga, magambutsi ndi onse.

"Sorry, madam. Very, very sorry. Is network."

Mayiyo anayang'ana mbalame ija padenga. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Anaika kambale pansi, anakhala pa sitepe, n'kuseka mpaka misozi. Akati asiye, mbalame ija inkayambanso padenga, iwonso n'kuyambiranso. Pomaliza anandidzutsa, anandikumbatira, n'kuwauza amuna anga kuti mkazi wotere asamutaye, ndi wabwino kuposa alamu ya pageti.

Ntchito sinathe. Koma mpaka lero msewu wonse umandidziwa kuti Mrs Hadida.

Titalowa m'chipinda ndinakhala pabedi, nkhope m'manja. Kachipinda kakang'ono, koyera, kapu imodzi, mbale imodzi. Pakhoma chithunzi chathu cha ukwati, chitasuluka ndi chinyezi cha kunyanja. Iwo anakhala pampando, akudyetsa kamwana kaja nyama ndi kamtengo, akuyesetsa kuti asaseke.

"Komabe inu," ndinatero, kuti ndipezeko poimira, "munthu wamkulu, bambo wa mwana wa Fomu Fili, mbalame yonyansa chonchi mukuikonderanji? Mpaka kuilerera mwana?"

Anasiya kamtengo kaja. Nkhope inasintha.

"Mayi a Lonjezo, kuno n'kutali. M'mawa ndi umene umavuta. Ukadzuka, palibe wokuyankhula, ngakhale wokukalipira. Chaka choyamba ndinatsala pang'ono kubwerera." Anayang'ana kudenga. "Ndiye tsiku lina uyu anatera padengapa n'kuyamba. Ine ndisanatsegule maso ndinamwetulira ndekha. Ndinayesa ndili kwathu."

Mtima wanga unasungunuka ngati shuga mu tiyi. Ndinasendera pafupi.

"Amakukumbutsani ku damu?"

"Ayi."

"Kumunda?"

"Ayi. Inuyo."

"Ine?"

"Mawu ake ndi anu enieni. Mmene munkandidzutsira kuti ndachedwa ku fakitale." Analoza kunja kumene ndinachitira zionetsero zanga. "Ndipo lero ndatsimikiza. Munayamba inu, iye n'kupitiriza, ine osadziwa kuti wasiya ndani!"

Padenga wina anavomereza: "Haa! Haa!"

Amayi anzanga, musanakwere basi kukathana ndi mkazi mnzanu, yambani mwafunsa ngati ali ndi nthenga.