Chinkhoswe cha Pempho Langa la Nandolo

Usiku wathawu ndinalota zochititsa manyazi, anzanga, ndipo musaseke mpaka nditamaliza. Mukudziwa kuti Lachisanu ndikukaonekera pamaso pa komiti yopereka thandizo la kafukufuku, kukateteza pempho langa lija la mbozi zowononga nandolo ku Chiradzulu. Mukudziwanso, poti Tiyese uyu pakamwa pake sipakhala chitseko, kuti pempholo anandilembera ndi makina aja oyankha mafunso a pa laputopu. Ine changa chinali dzina basi.

Ndiye m'malotomo ndavala suti yanga yotuwa, laputopu kukhwapa, ulendo wa ku komiti. Kutsegula chitseko cha ofesi, mwadzidzidzi ndapezeka pabwalo la fumbi, pali tenti, ng'oma zikulira, amayi akuimba nthungululu. Mpando wa pulasitiki unandikoka thalauza.

"Khalani pansi akamwini, mwachedwa. Lero ndi chinkhoswe chanu."

"Chinkhoswe chanji? Ine ndili ndi mkazi ndi ana kunyumba."

"Musanditsutse," unatero mpandowo. "Andikhalirapo anthu ophunzira kuposa inu."

Ndiye kuyang'ana kutsogolo, a komiti ali ndandanda. Pakati pali Pulofesa Chimpango, amene anandiphunzitsa kugwira mbozi ndi zala osaiphwanya, munthu amene mpaka lero ndikamuona ndimachotsa manja m'thumba. Atangotsokomola, khosi lawo linatalika, n'kusanduka kakowa wovala magalasi. Mayi wa kumanja kwawo anasanduka mbuzi, n'kuyamba kudya nsalu ya patebulo. Bambo wa kumanzere anasanduka bilimankhwe, diso limodzi lili kwa ine, lina pa foni.

"A Mbvundula," anatero kakowa, "mwambo mukuudziwa. Titulutsa akwati ofunda zitenje, inu mutilozere pempho lanu."

Ndiye kunatuluka mzere wautali, onse msinkhu umodzi, mayendedwe amodzi. Ndinavundukula woyamba. M'kati munali mapepala oyera mbee, ndipo anagwada mwaulemu n'kunena kuti, "Kafukufukuyu ndi wofunika kwambiri pa chitukuko chokhazikika." Ndinavundukula wachiwiri, mawu omwewo. Wachitatu chimodzimodzi, kungoti iye anali pempho la kafukufuku wa nkhumba.

Ndinanong'oneza laputopu yanga: "Iwe, ndipulumutse. Wanga ndi uti?"

"Funso labwino kwambiri!" inafuula kuti bwalo lonse limve. "Onsewa ndi ana anga, ndipo onse ndimawakonda mofanana."

Anthu anaseka mpaka ng'oma inatsamwa. Mbuzi inasiya kutafuna n'kufunsa bilimankhwe kuti, "Kodi nanga ife tinasankha uti?" Bilimankhwe anasintha mtundu, anapisa pansi pa tebulo, n'kutulutsa laputopu yakeyake.

"Funso labwino kwambiri!" inatero iyonso, mawu omwe aja.

Mwadzidzidzi malaputopu awiriwo anathamangirana, kukumbatirana, n'kusanduka chinthu chimodzi. "Wolemba ndine, wowerenga ndine, wopereka malikisi ndine ndemwe," chinatero. "Inu mukhoza kumapita kukadya."

Nthungululu zinazima. Mayi wina kumbuyo anaomba m'manja kamodzi. "Nkhoswe wa kuchimuna ndi wa kuchikazi munthu mmodzi? Malodza awa!"

Mtima unakhalako pansi pang'ono, poona kuti manyaziwo tikugawana ndi a komiti. Koma ndiye ndinamva wina akundiitana kunja kwa tenti. Chinali chitsamba cha nandolo, chowonda, masamba obowokabowoka, dothi lofiira lili kumizu. Sichinafunde chitenje chilichonse.

"Achimwene, ine bwanji simunandiitane?"

Ndinayang'ana kumbali ngati sindikuchidziwa.

"Si inu munkagwada pambali panga ku Namitambo, dzuwa likukuswani mutu? Munaona nokha nyerere zikukwera ine, zikukoka mbozi kutsika nazo pansi. Munadumpha ndi chimwemwe, munati mukalemba zimenezo."

"Ndinayesa," ndinatero chapansipansi. "Chingerezi chake sichinkakoma."

"Ndiye munakatenga okoma Chingerezi," chinatero chitsambacho, n'kugwetsa tsamba limodzi.

Kakowa anatsika patebulo, kuyenda pang'onopang'ono mpaka pamene ndinaima.

"Iwe Malizani, mwana wanga, zisiye zonsezi. Ingondiuza pakamwa. Unaona chiyani m'mundamo?"

Anzanga, yankho ndinali nalo. Nyererezo ndinkaziona m'mutu mwangamu, zakuda, zili pamzere. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, ndiye munatuluka mawu osalala, osangalala, osakhala anga:

"Funso labwino kwambiri!"

Ndinagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Kakowa anavula magalasi, mwadzidzidzi anabwerera kukhala Pulofesa Chimpango, ndi jekete lawo lakale lija. Sanakalipe ayi. Bola akanakalipa. Anangondiyang'ana, kenako anawerama, ananyamula chitsamba chija ngati khanda, n'kumapita nacho. Ndinkafuna kuwathamangira koma mpando unali utandigwiranso thalauza, ndipo mizu ya nandolo inkakhwekhwereza pansi, khwee, khwee, khwee.

Kutsegula maso, linali tsache la mayi a kunyumba akusesa pakhonde. Anasuzumira pazenera n'kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji bambo?"

Ine ndinangogwedeza mutu. Ndinaopa kutsegula pakamwa.