Tsiku limene ndinafafaniza phiri la amalume

Mpaka lero ndikafika ku Thyolo, akuchikamwini amathamangira kubisa wailesi. Mlandu wake unayambira pa kompyuta.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pasukulu ya pa esiteti, ndipo ndinkafunsira Esnati. Nkhani ya chinkhoswe inali m'manja mwa amalume ake, a Muhiwa, kalaliki wamkulu kufakitale ya tiyi, munthu wosaseka wamba. Ndinkafunitsitsa kuti andione ngati mkamwini wophunzira (matenda anayambira pamenepa).

Kompyuta yawo inali ya sisitemu yakale, ija yoonetsa kaphiri kobiriwira ndi mitambo. Ine m'thumba ndinali ndi sidi ya sisitemu yatsopano yogula ku Limbe, ikundiyabwa.

"Amalume, ndikuchitireni apuguledi, kompyutayi ikhale yamakono."

"Ikudwala?"

"Ayi."

"Nanga mankhwala ngachani?"

Anapita kukadya. Ine kusandiletsa kwawoko ndinakutenga ngati chilolezo.

Pobwera anapeza kompyuta ikuyenda ngati thalakitala yokwera chitunda itasenza tiyi. Pulinta inakaniratu kuidziwa. Ukadina paliponse, kompyutayo inkayamba yapempha chilolezo, ulemu woposa wanga. Zonsezi amalume sanazione n'komwe. Anangoyang'anitsitsa pagalasi.

"Phiri langa lili kuti?"

Ndipamene ndinamva kuti kwa zaka zambiri ankauza mlendo aliyense kuti kaphiri kaja ndi ka kwawo ku Nsabwe, kuseri kwa munda wa mayi awo, azungu anachita kudzajambula. Munthu wanzeru akanagwada. Ine (ndimadzidabwabe) ndinatsegula pakamwa.

"Amalume, chithunzi chija chili m'makompyuta onse, ngakhale ku Lilongwe."

Amalume anatembenukira kwa ine.

"Ndiye aphunzitsi mukuti ndine wabodza?"

Mawa lake ndinabwereka kamera, n'kujambula munda wa tiyi wokongola zedi, n'kuwaikira pagalasi paja. Anati tiyi amamuona pawindo tsiku lonse, iwo akufuna phiri. Za chinkhoswe anati tidikire kaye, sakundidziwa bwino. Esnati sanazungulire: "Mukapanda kubweza phirilo, mukwatira sidi yanuyo."

Mantha anandigwira, sindinama. Ndinabwerera ku Limbe kukasaka sisitemu yakale, ogulitsa akundiseka kuti anzanga akupita kutsogolo ine ndikubwerera kumudzi. Ndinaibwezeretsa thukuta lili kamukamu. Kaphiri katatulukira, amalume anakayang'ana nthawi yaitali.

"Mwaona? Paja pali mdima paja ndi pamene tinkadzala nandolo."

"Ndikuonapo, amalume," ndinatero. Ndipo ndinaonapodi.

Chinkhoswe chinachitika. Itafika nthawi ya malangizo, a Muhiwa anaimirira pamaso pa khamu lonse, n'kuloza Esnati, kenako ine.

"Mwana wathuyu sakudwala. Akugwira ntchito bwinobwino. Aphunzitsi, mumutenge mmene alilimu, musakamuchite apuguledi."

Anthu anaseka mpaka misozi. Amalume okha sanaseke.